Dzina Langa pa Tsamba Lachitatu

Ndinapita ku America kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, kutsatira amuna anga amene boma linawatumiza kukagwira ntchito kubanki ina yaikulu ya mu Washington. Tinkakhala ku Landover, m'nyumba yosanja, ndipo zenera lathu linkayang'ana kumbuyo kwa mashedi a katundu, kumene malole ankalowa ndi kutuluka tsiku lonse. Mwana wathu wamkazi atayamba sukulu, ine ndinatsala ndekha ndi makoma. Kwathu ndinali tayipisiti, ndipo kukhala manja lende kunkanditopetsa kuposa ntchito.

Amene anandipezera ntchito anali mnzanga wa ku Zambia wa khomo loyandikana nalo. Iye ankagwira ntchito yobwezera mabuku m'mashelefu mulaibulale ya yunivesite ku College Park. Tsiku lina anabwera ndi kapepala kamene anachotsa pabolodi la zidziwitso.

"Iwe, si uziba kutayipa? Kuli amai bena bachizungu bafuna muntu. Yenda chabe, usayope."

Ndinakwera basi Lolemba lotsatira. Ofesi imene ndinaipeza inali kumapeto kwenikweni kwa khonde, kachipinda kopanda zenera kamene kale ankasungiramo mipando yothyoka. M'katimo munali amayi aafupi, a zaka zopitirira makumi asanu, tsitsi la imvi lometa ngati la mwamuna, ndudu ili pakati pa zala. Anali pulofesa wa zolembalemba wochokera ku Poland. Sanandifunse satifiketi. Anangondipatsa tsamba limodzi lolemba pamanja n'kuloza tayipulaita.

Zilembo zawo zinali ngati mapazi a nkhuku pamatope. Ndinatayipa pang'onopang'ono. Atawerenga anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo.

"Mwalakwitsa malo awiri," anatero m'Chingerezi chawo cholemera. "Koma pamalo amodziwo mwandikonzera. Mubwere mawa."

Ndinkawatchula kuti Apulofesa, ndipo sindinasinthe mpaka tinasiyana, ngakhale ankati ndiziwaitana dzina lawo monga amachitira Amereka. Ntchito yanga inali kutayipa buku limene ankalemba m'Chingerezi. Mayina a Chipolishi ali ndi timichira ndi timadontho timene tayipulaita yathu inalibe, choncho ndikamaliza tsamba ndinkatenga cholembera chakuda n'kumaika timichirato pamanja, iwo akundiuza kuti aka kapita pansi, aka kapita pamwamba.

Mbiri yawo ndinaimva pang'onopang'ono, panthawi ya tiyi amene ankamwa m'tambula yagalasi, wopanda mkaka. Anaphunzira ali mtsikana m'nthawi ya nkhondo, sukulu zitatsekedwa, aphunzitsi akumaphunzitsa ana mobisa m'makhitchini a anthu. Nkhondo itatha analowa yunivesite, n'kulemba za alakatuli akale a dziko lawo, mpaka anakhala mphunzitsi pa yunivesite yomweyo. Ankalembanso m'magazini, kusanthula mabuku atsopano, ndipo ankati panali nthawi imene wolemba aliyense ankatsegula magazini ali ndi mantha kuti aone zimene iwo anena. Kenako buku lawo lina linakhala zaka kuofesi ya boma yosefa zolemba, osatuluka. Atasaina kalata yodandaula pamodzi ndi anzawo, anawaletsa kuphunzitsa. Anabwerera kuja anayambira: kuphunzitsa m'nyumba za anthu, ophunzira atakhala pansi, wina ataima pazenera kuyang'ana kumsewu. Yunivesite ya ku America itawaitana kuti adzaphunzitse chaka chimodzi, boma lawo linawapatsa pasipoti mwamsanga, ngati munthu amene akufuna mlendo achoke. Chaka chimodzicho ankangochiwonjezera. Mwezi wa Epulo uliwonse ankadikira kalata yowauza ngati chaka chamawa adzakhala ndi ntchito.

Buku limene ndinkatayipalo linali lonena za mmene alakatuli amalembera pamene akudziwa kuti woyamba kuwerenga ndakatulo yawo ndi wosefa wa boma. Poyamba ndinkangotayipa mawu osawaganizira, monga tinaphunzitsidwira. Koma nditafika pamutu wachinayi ndinayamba kuwerenga zimene ndikutayipa. Ankafotokoza za anthu amene amayamba ayang'ana kuchitseko asanatchule dzina lina, za makalata ofika envulopu yake itamatidwa kawiri, za nthabwala imene munthu amauza mkazi wake yekha. Zonsezo ndinkazidziwa. Kwathu tinkakhala choncho, ndipo ngakhale ku Landover, kutali chonchija, ine ndi amuna anga tinkatsitsa mawu tikayamba kukamba za kumudzi.

Achimwene anga anali mphunzitsi kusekondale ina. Zaka ziwiri tisananyamuke, analemba ndakatulo yonena za mvula imene imagwa pamunda umodzi wokha, minda ina yonse ikupserera, n'kuwerengera ana a Folomu 3. Patapita sabata kunabwera anthu awiri ovala masuti, ndipo anawatenga ali ndi choko m'manja. Amayi athu akafunsidwa kuchitsime ankangoti, "Ali paulendo." Anakhala paulendowo chaka ndi miyezi. Atabwerako anali atasiya kuseka, ndipo uphunzitsi sanauonenso. Ankalemba matumba a fodya kuesiteti ina. Nkhani imeneyi ndinali ndisanauzepo munthu ku America, ngakhale mnzanga wa ku Zambia uja.

Tsiku lina ndinkatayipa ndime yonena za mlakatuli wa kwawo amene ankangolemba za nyengo yozizira yosatha, aliyense n'kumadziwa kuti sakunena za chisanu. Ndinaseka ndekha, kuseka kowawa.

"Mwapeza cholakwika?" anafunsa Apulofesa.

"Ayi. Kungoti kwathu kulibe chisanu, ndiye timalemba za mvula."

Anazimitsa ndudu, n'kutembenuza mpando. Sindikudziwa chimene chinanditsegula pakamwa tsiku limenelo. Mwina chinali chitseko chotseka ndi kusowa kwa zenera. Ndinawauza zonse: sukulu, choko, masuti, mawu a amayi athu. Ndinawalakatulira ndakatuloyo m'Chichewa, popeza ndinkaidziwa pamtima, kenako n'kuwamasulira mzere ndi mzere. Iwo anamvetsera osalemba kanthu. Nditamaliza anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Ndinkayesa ndife tokha."

Ndili m'basi pobwerera, mantha anandigwira ngati malungo. Ndinadzifunsa kuti ndachita chiyani. Koma masiku anapita, iwo sanaitchulenso nkhaniyo, ndipo mtima wanga unakhala pansi.

Lamlungu tinkapemphera ku Falls Church, kumene Amalawi ambiri ankakumana, ndipo mapemphero akatha tinkamwa tiyi muholo ya pansi pa tchalitchi. Panali abambo ena amene aliyense ankawapatsa moni wa manja awiri koma palibe amene ankawaitana kunyumba. Ntchito yawo yeniyeni sitinkaidziwa. Ankadziwa tsiku limene munthu aliyense anafika ndi limene pasipoti yake idzathe. Mwina anali munthu wokonda nkhani chabe. Mpaka lero sindingalumbire. Lamlungu lina anandipeza ndikutsuka makapu.

"Alamu, ndamva mwapeza ntchito kuyunivesite."

"Kaganyu chabe, bambo. Kutayipa."

"N'zabwino zimenezo. Ndiye akuti abwana anuwo ndi a ku Poland?" Anamwetulira, akupukuta magalasi ndi hanki. "Si kwa achikomyunizimu kumeneko?"

Kapu inandipulumuka n'kugwera m'madzi. Masiku amenewo kwathu mawu akuti chikomyunizimu ankatha kumutsekeretsa munthu popanda kufunsa zambiri. Ndinayankha kuti amayiwo anathawa achikomyunizimuwo, kuti anawachotsa ntchito.

"Oho. Ndiye kuti ndi munthu wotsutsa boma lake," anatero mofatsa. "Chabwino, alamu. Moni kunyumba."

Apo ndinaona kuti panalibe yankho labwino. Ndinawauza amuna anga tili m'galimoto, tikudutsa mlatho. Kenako anati, "Amake mwana, tayipani mawu basi. Musamacheze nawo." Sindinawauze kuti kuchezako kunali kutachitika kale.

Mu Disembala 1981 asilikali anatseka dziko la Apulofesa. Ndinawapeza Lolemba m'mawa atavala chikhoti m'ofesi, kawailesi kali patebulo, ndudu itazima pakamwa. Mafoni onse opita kwawo anali atadulidwa. Anali ndi mng'ono wawo kumeneko, ndiponso ophunzira awo akale aja okhala pansi, amene ambiri anali atatengedwa. Kwa milungu ingapo ankaimba nambala ya mng'ono wawoyo m'mawa uliwonse, n'kumamvetsera phokoso lopanda munthu. Kalata yoyamba itafika inali ndi chidindo cha wosefa poyera, pamwamba pa envulopu. Anandionetsa.

"Athuwa amasaina ntchito yawo," anatero. "Anu amasaina?"

"Ayi, amangomata bwinobwino."

Tinaseka tonse awiri.

Kubwerera kwawo tsopano kunali kosatheka, ndipo ntchito ya chaka ndi chaka ija sikanapitirira mpaka kalekale. Pa dipatimenti yawo panatseguka malo amodzi okhazikika. Komiti ya aphunzitsi inali yoti idzakhale pansi mwezi wa Okutobala wotsatira, ndipo lamulo lake linali lakuti wofuna malowo akhale ndi buku lotuluka kale m'Chingerezi. Mabuku awo a Chipolishi, amene kwawo ophunzira ankabwerekana mobisa, panalibe wa m'komitimo amene akanatha kuwawerenga. Choncho tinagwira ntchito ngati anthu othawa mvula. Ndinkafika m'mawa kwambiri, n'kumatayipa mpaka nthawi yokatenga mwana kusukulu. Mutu womaliza ndi mawu oyamba sanandipatse. Anati amenewo atayipa okha kunyumba kuti tifulumire, ndipo ine sindinaganizepo kanthu.

Mapepala oyeserera anafika kuchokera kwa osindikiza mwezi wa Juni. Amenewa ndi masamba a buku osindikizidwa kale koma osamanga, oti wolemba aone zolakwika buku lisanatuluke. Apulofesa anali ndi msonkhano tsiku limenelo, ndiye anandisiyira mtolo wonse kuti ndiyambe kuwerenga. Ndinatsegula tsamba loyamba, dzina la buku. Lachiwiri, la osindikiza. Patsamba lachitatu panali mawu othokoza.

Dzina langa linali pamenepo. Lonse, loyamba ndi la amuna anga, lolembedwa molondola, ndi dzina la dziko lathu pambali pake. Ankandithokoza chifukwa cha zala zanga, ndiponso chifukwa chowaphunzitsa, kudzera m'ndakatulo ya mlongo wanga, kuti nkhani ya buku lawo si ya dziko limodzi.

Ndinatsegula kumapeto, kumutu womaliza uja. Ndakatulo ya achimwene inali momwemo, yonse, m'Chingerezi, monga ndinawamasulira. Apulofesa anali ndi mutu wogwira zinthu. Anazolowera kusunga ndakatulo pamtima kuyambira m'nthawi ya nkhondo. Pansi pake panali tsamba ndi theka lofotokoza za mphunzitsi wa kusekondale, za choko, za mawu akuti ali paulendo. Dzina la achimwene panalibe, koma munthu wowerenga tsamba lachitatu sakanavutika kuwapeza.

Sindikumbukira mmene ndinafikira pamalo okwerera basi. Ndikukumbukira kuti m'basimo ndinkaona ngati aliyense akundiyang'ana. M'maganizo mwanga ndinkaona buku lija lili pashelefu mulaibulale, wina akulitsegula, akujambula tsambalo pamakina, akuliika mu envulopu. Ndinkaona galimoto ikuima paesiteti ya fodya. Ndinkaona amayi athu akuyambanso kunena za ulendo.

Amuna anga atafika kuchokera kuntchito ndinawauza kuti titsike tikakhale m'galimoto. Dzuwa linali likadali pamwamba, ana akusewera mpira pamalo oimika magalimoto. Anatseka mawindo, n'kutsegula wailesi, ndipo ndinawauza zonse kuyambira tsiku la mvula lija. Sanakalipe. Zikanakhala bwino akanakalipa. Anagwira chiwongolero ndi manja awiri ngati tikuyenda.

"Amake mwana, mukudziwa kuti telegalamu imodzi yokha ndi yokwanira? Atiitana kuti tibwerere, ndipo pabwalo la ndege adzatilandira ndi anthu ena, osati abale. Nanga mwanayu? Nanga alamu anga, amene angoyamba kumene kugona tulo?"

"Ndikudziwa."

"Buku latuluka?"

"Ayi. Akuti lipita kumakina milungu iwiri ikubwerayi."

"Ndiye mawa mukagwade. Ngati n'kulira mukalire. Dzina limenelo lichoke."

Kutacha ndinawapeza Apulofesa akumwetulira. Ankayesa andichitira chinthu chabwino, ndipo ankadikira kuona nkhope yanga. Ataiona, kumwetulira kuja kunatha.

"Apulofesa, ndapota nanu, chotsani dzina langa. Chotsaninso ndakatulo ija ndi zonse za achimwene anga."

"Chifukwa?"

"Adzawatenganso. Ulendo uno sadzabwerako."

Anayatsa ndudu, n'kuyamba kuyenda m'kachipindako, masitepe atatu uku, atatu uko. Anandiuza kuti ndikulakwitsa. Anati kwawo anaphunzira kuti munthu amene dzina lake ladziwika kunja amamenyedwa pang'ono, kuti amene amafera m'zipinda zamdima ndi amene palibe akumutchula. Anati chimene osefa amafuna ndi chete ameneyu, kuti munthu azidzisefa yekha iwo asanagwire n'komwe pensulo. "Buku lonseli likunena zimenezi," anatero, "ndipo mwalitayipa ndi manja anu. Tsopano mukufuna ndichite m'buku langa chimene iwo anandichita?"

Ndinali ndisanayankhepo mzungu mokweza chibadwire, koma tsiku limenelo ndinayankha.

"Dziko lanu lili pa TV madzulo alionse. Azungu akuyatsa makandulo m'mawindo chifukwa cha inu. Lathu ndani amalidziwa? Inu nomwe munalifunafuna pamapu nditakuuzani. Achimwene anga akatengedwa palibe nyuzipepala ya kuno imene idzalembe mzere ngakhale umodzi. Ndipo inu munasaina kalata yanu ija nokha, ndi dzanja lanu. Iwo sanasaine kanthu. Sakudziwa n'komwe kuti ndinakuuzani."

Anaima. Ndudu inapsa mpaka phulusa linagwera pansi. Kenako anakhala pampando n'kukoka mapepala aja, n'kuwerenga tsamba lachitatu ngati analemba ndi munthu wina.

"Sindinakufunseni," anatero motsitsa mawu. "Ine amene. Sindinakufunseni."

Anaimba foni kwa osindikiza ine ndili pomwepo. Ndinkamva mbali yawo yokha, koma zinali zokwanira. Kuchotsa dzina patsamba lachitatu kunali kosavuta. Kuchotsa tsamba ndi theka m'mutu womaliza kunali nkhani ina, chifukwa masamba otsatira ndi mndandanda wa mayina wakumapeto zonse zikanasuntha. Njira inalipo imodzi: kulemba mawu ena okwana ndendende malo omwewo. Koma ngakhale atatero, bukulo likanataya malo ake pamzere wa kumakina, ndipo mpata wina unali wa mwezi wa Disembala. Komiti inali ya Okutobala.

Anatseka cholankhulira ndi dzanja, n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Ine ndinayang'ana pansi. Ndinkadziwa chimene ndikuwapempha, ndipo sindinabweze pempho langa.

"Chabwino," anatero pafoniyo. "Disembala."

Atabweza foni anandiuza chinthu chimene chinandisowetsa mtendere zaka zambiri. Mapepala oyeserera omwewo anali atatumizidwa kale kwa akatswiri atatu a m'mayunivesite ena kuti alembe ndemanga za pachikuto. Tsiku lomwelo analembera onse atatu kuwapempha kuti abweze. Awiri anabweza. Wachitatu anayankha patapita mwezi kuti anali kusamuka ofesi ndipo sakudziwa kumene mtolowo unapita. Mwina unatayidwa, mwina uli m'katoni ina.

Sabata imeneyo tinadzaza tsamba ndi theka lija. Analemba za mlakatuli wina wa kwawo amene anamwalira kalekale, woti palibe akanamutenganso. Ine ndinkatayipa n'kuwerenga mizere, iwo n'kumadula kapena kuwonjezera mpaka zinakwana. Pomaliza anawerenga n'kunena kuti, "Ili ndiye tsamba lofooka kuposa onse m'bukuli. Wina adzalemba kuti mayiyu anatopa pomaliza." Pa mawu othokoza anasiyapo mzere umodzi wothokoza munthu amene anatayipa, wopanda dzina, wopanda dziko.

Komiti inakhala pansi mu Okutobala monga mwa dongosolo, buku kulibe, ndipo malo aja anapatsa munthu wina amene anali ndi mabuku awiri otuluka. Apulofesa anandiuza nkhaniyi ataimirira, akusanja mapepala. Ndinayamba kupepesa, koma anakweza dzanja.

"Anandichotsapo ntchito anthu oopsa kuposa inu," anatero. "Ikani madzi a tiyi."

Anatsiriza chaka chimenecho, kenako anapeza malo pakoleji ina yaing'ono kumpoto, kufupi ndi malire a Canada, kumene ankaphunzitsa ana oyamba kumene Chirasha ndi Chipolishi, ntchito imene ankati ili ngati kuuza dokotala wa opaleshoni kuti azimanga mabandeji. Ndinawathandiza kulongedza mabuku m'makatoni. Tsiku lonyamuka anandipatsa buku lija, lachikuto chotuwa. Anatenga cholembera kuti alembemo mawu, n'kuima, n'kuchibwezera m'thumba. Anandipsompsona masaya katatu monga amachitira kwawo.

Mantha sanapite nawo. Lamlungu lililonse abambo aja akandipatsa moni ndinkafufuza pankhope pawo ngati aona kanthu. Foni ikalira nthawi yachilendo sindinkafuna kuiyankha. Kalata ya kumudzi ikachedwa milungu iwiri ndinkasiya kudya. Ndinkalota katoni ili m'chipinda china chapansi, munthu wosadziwika akuitsegula. Amuna anga sanaitchulenso nkhaniyo, koma anasiya kundiuza zimene amva kuntchito, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa mawu.

Tinabwerera kwathu chapakati pa zaka za m'ma 1980, nthawi ya amuna anga itatha. Buku lija sindikanalowa nalo m'dziko; pabwalo la ndege ankatsegula masutikesi n'kuyang'ana buku lililonse. Ndinalisiya kwa mnzanga wa ku Zambia uja, amene analiika pansi pa TV yake kuti isamagwedere. Ndege itatera ndinagwira mwana dzanja mwamphamvu mpaka anadandaula m'Chingerezi kuti ndikumupweteka. Munthu wa pakauntala anatsegula pasipoti ya amuna anga, n'kudinda. Anatsegula yanga, n'kuyang'ana m'buku lalikulu limene linali pambali pake, chala chikutsika mzere ndi mzere. Anatembenuza tsamba.

"Mayi, kunjaku munkachita chiyani?"

"Ndinali pakhomo, bambo. Kulera mwana."

Anadinda, n'kundikankhira pasipotiyo osandiyang'ana. Kunja achimwene anali ataima kuseri kwa chingwe, atavala jekete yobwereka, ataonda koma ali moyo, akukweza dzanja.

Za Apulofesa ndinamva kamodzi kokha, kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 zomwezo. Khadi linafika kudzera kwa mnzanga wa ku Zambia, amene analiika mu envulopu yake n'kulipatsira munthu wobwera pamanja. Linali ndi chithunzi cha msewu wa nyumba zakale, ndipo kumbuyo kwake zilembo zija ndinaziwerenga mosavuta. Zinthu zinali zitasintha kwawo. Anawaitana kuti abwerere kuyunivesite imene anawachotsa, ndipo tsiku loyamba holo inadzaza mpaka ena anakhala m'masitepe. Mng'ono wawo anali atamwalira chaka chimodzi iwo asanafike. Anati maso ayamba kuvuta, ndipo dokotala wawaletsa fodya. Pansi sanalembe dzina lawo, ndipo pamwamba sanalembe langa.

Kwathu nthawiyo zinthu zinali zisanasinthe. Khadilo ndinaliwerenga kawiri nditadzitsekera kubafa, kenako ndinalitentha pambaula, ndipo sindinayankhe.